Ndowa ya vinkubala ya apongozi anga

Lolemba lapitali ndinabweza matiresi kwa eni ake. Awiri anali a aneba athu kuno ku Chelstone, enawo a mlamu wanga. Kenaka ndinasesa pabalaza, ndinakokera mpando wanga pamalo pake, n'kukhala pansi kumvetsera mvula. M'nyumba munali zii. Panalibe wogogoda kubafa, panalibe wofunsa kumene kwapita tchaja, panalibe mwana wa munthu wolira chifukwa mnzake wamuphulitsira baluni.

Abale anga a ku Katete ndimawakonda, Mulungu ndi mboni. Koma ndimawakonda kwambiri akakhala pawindo la basi akundibayibitsa.

Anthu ambiri amaunena mwezi wa Januwale. Ine ayi. Uwu ndi mwezi umene nyumba imabwerera kwa mwini wake. Ana ayamba sukulu, mango atsala ochepa kunsonga kwa mtengo, ndipo tiyi wam'mawa ndikumwera m'kapu yangayanga, osati ya pulasitiki imene alendo anandisiyira. Mtima wanga uli m'malo.

Chotsala ndi mulu uja wa pakona ya kuchipinda. Musanamizire kuti simukuudziwa, kwanunso ulipo. Mu wathu chaka chino muli tayi ya maluwa ofiira imene ngakhale wochita zisudzo angaikane, makapu atatu olembedwa mawu olimbikitsa, masokosi ofika m'mawondo, ndi wotchi yapakhoma imene ola likakwana imalira ngati tambala. Zimenezi sizindidetsa nkhawa, chifukwa mumzinda uno wa Lusaka mphatso zili ndi miyendo. Mbale zagalasi zimene wina analandira ku Kabulonga zimatsikira ku Woodlands pa ukwati wa mu Epulo, zimafika ku Chelstone pa phwando lolangiza mkwatibwi mu Ogasiti, ndipo pofika Disembala zili ku Chunga, zikadali m'bokosi lomwe lija. Chosintha ndi pepala lokutira basi. Aliyense analandira ndi manja awiri, aliyense anati zikomo, ndipo palibe amene anavulala.

Umu ndi mmene ndinkaganizira, kufikira sabata ino.

Pali mphatso imodzi imene sikhala pa mulu wa kuchipinda. Imakhala kuseri kwa chitseko cha kukhitchini: ndowa yabuluu yodzaza vinkubala. Kwa amene simuzidziwa, ndi mbozi zouma zija zimene ena amati matondo. Zimafika mu Lusaka ndi mvula yoyamba, ndipo ozikonda amazikazinga ndi anyezi n'kumanyambita zala. Ine sindidya. Zimandikanda pakhosi, ndipo fungo lake lokha limanditulutsa m'khitchini. Komabe kwa zaka khumi ndi zisanu, Khirisimasi iliyonse, ndowa imeneyi imafika pakhomo panga kuchokera ku Kabwata, kwa apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga Esnart. Uthenga wake susintha, ndipo umanditchula ndi dzina la mwana wathu: "Ivi ni va atate a Dalitso, vamene bakonda."

Mlandu ndi wanga, ndipo ndiufotokoza.

Tisanakwatirane, akuchikazi anandichitira chilanga mulilo. Mwambowu ndi wa anzathu a kumpoto, koma mu Lusaka tonse tinautola. Azimayi amabwera ndi ng'oma, atasenza miphika yokutidwa ndi zitenje, kudzamuonetsa mkwati zakudya zimene azidzadya kuchikazi. Mayi a mkwatibwi safikako, amatsala kunyumba kudikira kuti amve mmene zayendera. M'mawa wa tsikulo ankhoswe anga, amalume amene tsopano anatisiya, anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Usathamangire nkhuku, adzati ndiwe wadyera. Yamba ndi chonyozeka." Atavundukula mbale, chonyozeka chimene chinali pafupi ndi dzanja langa chinali vinkubala. Ndinatapa, ndinagwira mpweya, n'kumeza osatafuna kuti zithe msanga. Azimayi anaimba nthungululu. Ine ndi mantha a tsikulo ndinayesa kuti nthungululuzo zikutanthauza kuti ndipitirize. Ndinatapanso. Ndi kachitatu komwe.

Dzuwa lisanalowe, mbiri inali itafika ku Kabwata: mkamwini wanu nkhuku sanaiyang'ane n'komwe, koma vinkubala!

Mufunsa kuti, nanga bwanji osawauza chaka chotsatira? Limenelo ndi funso la munthu amene alibe apongozi achikale a ku Chipata. Mayi amenewa upongozi amausunga ndithu. Ndikafika kwawo ndimakhala pakhonde, iwo m'nyumba. Sitiyang'anana m'maso, sitidyera pamodzi, ndipo mawu athu amadzera mwa Esnart ngakhale tikumvana bwinobwino. Achinyamata amaseka zimenezi, koma ine sindinadandaulepo. Kunena zoona, zinkandipeputsira moyo. Munamuonapo mkamwini akukangana ndi apongozi amene salankhula nawo?

Vuto ndi lakuti njira imeneyi imadutsa moni, matenda ndi maliro. Mawu akuti "mphatso yanu sindiifuna" sadutsamo. Chaka chachiwiri ndinamupempha Esnart kuti awanong'oneze mayi ake. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Munameza mweka, muzakamba mweka," anatero, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Ndiye chaka chilichonse timatapako mbale imodzi ya Esnart, popeza ana athu anatengera ine. Zotsalazo ndimazinyamula mu Januwale kupita nazo kuntchito ku Longacres, kumene dalaivala wathu, Ba Mwansa a ku Luapula, amazilandira ngati mwana wobadwa kumene. Apongozi akondwa, Ba Mwansa akondwa, ine ndapuma. Ndinkadziona ngati munthu wanzeru.

Lachitatu Esnart anapita ku Kabwata kukawaona mayi ake. Pa Khirisimasi sitinaonane nawo. Anatumiza mawu akuti akakhala kwa mwana wawo wamwamuna ku Chunga, ndipo ife, ndi alendo odzaza nyumba, sitinafunse zambiri. Ndowa anabweretsa ndi mlamu wangayo, n'kubwerera mofulumira osamwa ngakhale madzi. Ndinayenera kudabwa, chifukwa mlamu wanga sadutsa pamene pali chakudya.

Esnart atabwerako sanavule nsapato. Anaima pakhomo la kukhitchini, ambulera ikudontha.

"Ba mami banagwa ku Soweto," anatero. "Kwanja kunathyoka. Masabata yatatu manje, banaletsa bonse kutiuza."

"Ku Soweto? Benze kufuna chani kuja na mvula iyi?"

Anangoloza ndi mlomo kuseri kwa chitseko.

Amene munapondapo mumsika wa Soweto mu Disembala mukudziwa. Matope ofika m'akakolo, mawilibala okuwombani kumbuyo, anthu okankhana ngati kukugawidwa zaulere. Mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, wodwala mawondo, anakwera minibasi ku Kabwata, anatsika m'tauni, anayenda pansi mpaka mkati mwa msika. Potuluka, thumba lili pamutu, anaterereka. Anagwera pa dzanja lamanja, koma thumba sanalitaye. Tsopano mkono uli m'chikhakha.

Ndinachita manyazi, ndipo ndinachita mantha. Zaka zonsezi sindinadzifunsepo kuti ndowayi imadzaza bwanji. Ndinkangoiona yafika, monga imafikira mvula.

Lachinayi ndinainyamula kupita nayo ku Longacres, popeza kuisiya kuseri kwa chitseko sikukanalumikiza fupa la munthu. Ba Mwansa anandiona ndikutsika nayo, n'kundipatsa moni wakwawo.

"Shani, ba bosi! Vafika?"

Ndinawafotokozera zonse. Anatapa dzanja limodzi m'ndowamo, n'kunditambasulira pafupi ndi mphuno.

"Onani bwino. Mwaona doti? Mwaona minga? Kulibe. Va pa msika sivinkhala so. Aba ba mayo bamasankha chimozi chimozi, bachosa minga, bayanika futi. Ni nchito ya masiku yatatu iyi." Anabwezera m'ndowa mosamala. "Ine nikamba ati musabauze. Muzabapwanya mtima."

Zaka khumi ndi zisanu, ndipo ndinali ndisanayang'anepo m'ndowamo bwinobwino. Anachita kundionetsa ndi munthu wina.

Malangizo a Ba Mwansa ndi amene ambirife tikanapereka. Tinaleredwa choncho. Mphatso sakana, sayang'ana mtengo wake, safunsa kuti ndichita nayo chiyani. Ndipo ine sindikunyoza ulemu umenewu. Ndi umene umachititsa kuti nyumba yodzaza alendo masabata awiri isasanduke bwalo la milandu. Tayi ya maluwa ija ndinaiyamikira ndi mtima wonse, ndipo ndidzaiyamikiranso ikabwera ina. Amene anandipatsa anangolowa m'sitolo, anatola, anatuluka. Kuseka kwanga kwabodza sikunamupweteke paliponse.

Koma kodi bodza laulemu lililonse ndi lopepuka choncho? Pali azakhali amene amaluka juzi miyezi itatu ndi maso ofooka, chifukwa tsiku lina munati, "Koma ndiye mumatha!" Pali agogo amene amasunga mbuzi chaka chonse kudikira mdzukulu amene analeka kudya nyama kalekale. Ife timati zikomo pa mphindi imodzi n'kuiwala. Iwo zikomoyo amamutenga ngati oda, n'kuyamba kukonzekera chaka chamawa.

Ndinadziwa kuti ndikakhala chete, Disembala akubwerayu mayi amenewa adzakweranso minibasi, ndi mkono wolumikiza. Kuwaletsa sikungathandize, ana awo analephera kale. Kuwauza kuti tizikagula tokha n'kutaya nthawi, adzati sitidziwa kusankha. Chowaletsa chinali chimodzi chokha, ndipo chinali m'kamwa mwanga.

Loweruka masana tinapita ku Kabwata. Mvula inali itakata pang'ono. Ndinakhala pa kampando kanga ka pakhonde, iwo anali m'nyumba pa mphasa atatembenukira kukhoma lam'mbali, mkono woyera uli pa miyendo. Esnart anakhala pakhomo, pakati pathu. Ndinawomba m'manja, iwo anayankha ndi dzanja limodzi pa ntchafu. Tinapatsana moni, ndinapepesa za ngozi, iwo anati n'zazing'ono.

Apa ndiulule: mtima unandithawa. Mawu amene ndinawakonzekera m'galimoto anasungunuka, ndipo m'malo mwake munatuluka bodza latsopano.

"Bauze ati ba dokota baniletsa vinkubala."

Esnart ananditembenukira ndi diso limene ndimalidziwa. Koma asanatsegule pakamwa, apongozi anali atayankha kale, akuyang'ana khoma.

"Uwauze asade nkhawa. Ni mchere uja amaikamo ogulisa. Chaka chamawa nizawilisa kawili, mchere wonse uchoke."

Mwaona? Bodza linangowawonjezera ntchito.

Ndinatsika pa kampando n'kukhala pansi pa simenti.

"Esnart, bauze ati nanama. Kulibe dokota. Bauze ati vinkubala sinidya. Sininadyepo kuchokela pa chilanga mulilo. Siku ija n'nameza chifukwa cha mantha."

Esnart sanabwereze. Panalibe chifukwa, nyumba za ku Kabwata ndi zazing'ono.

Ndinkamva madzi akudontha kuchokera padenga kugwera m'beseni. Kwa aneba wailesi inkaimba nyimbo ya kwaya.

"Zaka zonse izi?" anafunsa apongozi, mawu ali pansi.

"Zonse, amama," anayankha Esnart.

"Nanga vinali kuyenda kuti?"

"Kuli ba dalaivala ba ku nchito kwao."

"Na iwe, mwana wanga, unali kuziwa, unangokhala zii?"

Esnart anaweramitsa mutu. Mkazi amene kunyumba sagonja pa mkangano uliwonse anayamba kutokosa mphasa ndi chala. Ndinamumvera chisoni, chifukwa mlandu wanga unali utamugwera iye.

Apongozi anasisita chikhakha chija ndi dzanja lamanzere. Sanalire. Ndikanakonda akanalira kapena kukalipa, chifukwa zimene ananena zinali zolemera kuposa pamenepo.

"Anzanga a ku chalichi onse aziwa kuti Disembala ine niyenda ku Soweto. Amaniseka, ine nimanyada. Nimawauza kuti apongozi anga sakamba-kamba, koma ine niziwa chamene akonda." Anapuma kaye. "Munthu wamene sukamba naye, umuziwa na chani? Ine n'nali kuziwako chimozi chabe pa iwo. Chimozi. Manje mukuti nacho chinali cha boza."

Sindinaganizepo mbali imeneyo. Ine ndinkaona ndowa yosowa poiika. Iwo ankaona chinthu chokhacho chimene ankadziwa za mwamuna amene anatenga mwana wawo, bambo wa adzukulu awo, munthu amene wakhala pakhonde lawo zaka khumi ndi zisanu. Mwambo unatseka pakamwa pawo, ndipo ine, m'malo mofuna kanjira kena, ndinakondwera ndi chetelo chifukwa linkandipumitsa.

Ndinawomba m'manja. Ndinati, "Bauze ati nalakwa."

Kenaka ndinamva mphasa ikukhwekhwereza. Mayi aja anali akutembenuka, pang'onopang'ono chifukwa cha mkono ndi mawondo. Esnart anafuna kuwathandiza, anamukankha. Anatembenuka mpaka nkhope yawo inaloza pakhonde, ndipo anandiyang'ana. Ndinaona koyamba kuti diso lawo lamanzere layamba kuchita ng'ala.

"Atate a Dalitso," anatero, osadzera mwa munthu aliyense. "Nanga mukonda chani?"

Ine amene ndimadzaza tsamba lino la nyuzipepala sabata iliyonse ndinayang'ana Esnart kuti andithandize kuyankha. Iye anayang'ana kudenga. Ndinafuna kutchula chinthu chaulemu, chosavutitsa, chimene mkamwini wabwino angatchule. Ndinazindikira kuti maganizo amenewo ndi amene anandifikitsa pano. Ndiye ndinanena zoona, ndinatchula nkhwani wotendera, umene kuno timati chibwabwa.

"Chibwabwa, amama. Chosashila na nshawa."

"Chibwabwa?"

"Inde."

"Chibwabwa ichi chili kuseli kwa nyumba? Chamene nimapasa ma neba chifukwa chachulukisa?"

"Chamene icho."

Anandiyang'ana, anayang'ana mkono wawo, ndipo anatulutsa kaphokoso kamene sindikudziwa ngati kanali kuseka kapena kudandaula. Mwina zonse ziwiri. Anapukusa mutu kangapo.

"Esnart, yenda ukathyole. Nshawa zili mu chitini pamwamba pa kabati. Uphike manje manje."

Esnart ananyamuka mofulumira, wokondwa kuti wapeza pothawira. Tinatsala awiri, iwo mkati, ine pakhonde, pakati pathu palibe munthu. Kukhitchini mtondo unayamba kulira. Anandifunsa ngati kuntchito kuli bwino. Ndinati kuli bwino. Anandifunsa ngati amayi anga ku Katete analima chaka chino. Ndinati analima, koma mbewu yoyamba inapserera. Anati kwawonso ku Chipata anamva zomwezo. Nkhani zazing'ono, zoyenda motsimphina, koma zinali zathu.

Sindikunena kuti zonse zatha. Pamene ndinawauza kuti ndowa ndibweza ikatsukidwa, anayankha mouma kuti ndiwapatse a dalaivalawo, popeza ndi amene akuidziwa bwino. Ndinalandira, ndinayenera kumva zimenezo. Ndipo ndikudziwa kuti Lamulungu kutchalitchi anzawo akawafunsa za mkono, pali gawo la nkhaniyi limene adzalimeze. Ndawalanda chinthu chimene ankanyadira, ndipo nkhwani sungachibweze tsiku limodzi. Koma ku Soweto sadzapitanso chifukwa cha ine, ndipo pa chimenecho mtima wanga wakhazikika.

Chakudya chitapsa, Esnart anatenga mbale kuti akandiikire kuseri, kumene ndimadyera ndekha ndikabwera kuno. Apongozi anamuimitsa.

"Ika pamene apa. Kale n'namvela za anthu. Lelo nifuna nione na maso yanga."

Ndinasamba m'manja. Ndinadya nkhwani wotendera pakhonde la ku Kabwata, apongozi anga akuwerenga nthongo iliyonse kuyambira m'mbale mpaka pakhosi. Nditamaliza anangomuuza Esnart kuti awonjezere.

Tsopano inu, amene sabata ino mukukankhira mphatso pansi pa bedi n'kumadikira ukwati wa mu Epulo. Zambiri mwa izo zisiyeni ziyende, zilibe mlandu. Koma pali imodzi imene imabwera chaka ndi chaka kuchokera kwa munthu yemweyo, ndipo mukuidziwa. Munthu ameneyo, mukachotsa bodza limene munamuuza, akudziwanso chiyani za inu?